Kuthamanga pang'onopang'ono kapena HIIT: ndiyambe ziti kuti mimba iphwe?

Bambo a Tadala, Kasungu boma:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi zaka 44, ndimalemera makilogalamu 92, ndipo ntchito yanga ndi yokhala pansi m'shopu tsiku lonse. Kuchipatala BP anaipeza 138/88, akuti ndichepetse thupi. Ena akuti ndiziyenda kapena kuthamanga pang'onopang'ono kwa ola, ena akuti kumeneko n'kutaya nthawi, ndingochita HIIT, masewero amphamvu kwambiri a kanthawi kochepa osinthana ndi kupuma, mphindi 15 basi. Mpata ndili nawo m'mawa tisanatsegule. Ndiyambe ziti?

aPhiri, ophunzitsa masewero:
Bambo a Tadala, yambani ndi zopepuka, HIIT ibwere pambuyo. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma mitsempha ya kuchidendene, maondo ndi mafupa a m'miyendo zimatenga miyezi. Munthu wa makilogalamu 92 akayamba ndi kudumphadumpha, chimene chimamuimitsa sabata yachiwiri ndi bondo, mpweya ukadalipo.

Chotsani zaka zanu pa 220, mupeza 176. Ndi chiyerekezo chabe cha mmene mtima wanu ungagundire kwambiri pa mphindi. Zopepuka zikhale pakati pa 110 ndi 130. Ngati mulibe wotchi yoyeza, gwirani pamkono, werengani kwa masekondi 15, muzipeza 28 mpaka 33. Njira ina: muzitha kuyankhula chiganizo chonse koma osatha kuimba.

Masabata awiri oyamba yendani ndawala mphindi 30, masiku asanu. Zikukwana mphindi 150 pa sabata, zomwe bungwe la WHO limati ndiye poyambira kwa munthu wamkulu. Kuyambira sabata yachitatu, muzithamanga mphindi imodzi n'kuyenda ziwiri, mobwereza kakhumi. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi mwatembenuza, kuthamanga ziwiri kuyenda imodzi.

Achimwene Mwale:
Za poyambira ndagwirizana nanu aPhiri, koma HIIT tisaiike kutali kwambiri. Pa nkhani yokulitsa mphamvu ya mtima imabweza zambiri pa nthawi yochepa, ndipo munthu wa shopu nthawi ndi yomwe alibe. Vuto n'lakuti zambiri zomwe anthu akutcha HIIT pa Facebook si zimenezo. Ija ya katswiri wa kafukufuku Izumi Tabata wa ku Japan, ya mu 1996, inali masekondi 20 opalasa ndi mphamvu zonse, 10 opuma, kasanu ndi katatu, pa njinga yoima, ndipo ochitawo anali achinyamata amasewero. Si ya bambo woyamba kumene.

Yokuyenerani ikadzakwana nthawi ndi 4x4 ya ku Norway. Tenthetsani thupi mphindi 10, kenako mphindi 4 mwamphamvu, mtima ufike 150 mpaka 165, pomwe mumangotha mawu awiri atatu. Yendani mphindi 3. Bwerezani kanayi, ngakhale poyamba kawiri n'kokwana. Kulakwitsa kofala n'kuyamba chigawo choyamba ngati wothawa galu, ndiye chachitatu miyendo yakana. Liwiro la chigawo chomaliza lifanane ndi la choyamba. Ngati maondo akudandaula, kukwera mtunda ndawala, monga m'munsi mwa phiri la Kasungu, kumafikitsa mtima pamenepo popanda kudumpha. Potsika ndiye muziyenda pang'onopang'ono, chifukwa bondo limavutika kwambiri potsika.

Mayi Nabanda, namwino:
Bambo, musanayambe zamphamvuzo kayezetseninso BP ndi shuga, ndipo muwauze adokotala zomwe mukufuna kuchita. Ngati anakupatsani mankhwala monga atenolol, masamu a 220 aja sagwira, chifukwa mankhwalawo amachedwetsa kugunda kwa mtima. Pamenepo dalirani muyeso wa kuyankhula uja.

Mukamva kupana pachifuwa, kupweteka kolowera kudzanja kapena m'nsagwada, chizungulire, kapena mtima kugunda mosokonekera, imani pomwepo mupite kuchipatala. Thupi likatentha, kaya ndi malungo kaya chimfine, musachite chilichonse mpaka mutachira. Ponyamula zolemera musagwire mpweya, BP imakwera mwadzidzidzi. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la kuno limapsa msanga, choncho pofika 6:30 mukhale mutamaliza, ndipo imwani madzi musanatuluke. Mkodzo ukakhala wachikasu chakuda ndiye kuti madzi akuchepa.

aBanda a ku Chinkhoma:
Funso linali la mimba, ndiye tiwerengere. Kuthamanga kumadya pafupifupi kalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa kilomita. Inuyo makilomita asanu ndi makalori ngati 460. HIIT ya mphindi 15 siyingafike pamenepo, ndipo zija amati thupi limapitiriza kuwotcha mafuta mukamaliza n'zoona koma n'zochepa kwambiri. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ndi makalori pafupifupi 7,700, pamene botolo limodzi la 500ml la chakumwa chotsekemera lili ndi 200. Mabotolo awiri masana abweza pafupifupi zonse za m'mawa.

Chepetsani mtanda umodzi wa nsima, onjezani masamba ndi nyemba, shuga wa mu tiyi atsike. Ma sit-up amalimbitsa minofu koma sachotsa mafuta a pamimba, thupi limachotsa paliponse pamodzi. Kawiri pa sabata chitani ma squat (kunjuta n'kudzuka) ndi ma press-up, maulendo atatu a 10 mpaka 12, kuti potsika thupi minofu isathe. Muziyeza chiuno ndi tepi ya telala pamchombo kamodzi pa sabata. Cholinga n'choti chisapose theka la kutalika kwanu.

Bambo a Tadala:
Zikomo nonse. Ndiye ndikafika pa HIIT, ndizichita kangati? Nanga pamsewu wa tala pali vuto?

aPhiri:
Kawiri pa sabata, osaposa, ndipo pakati pazidutsa maola osachepera 48, mwachitsanzo Lachiwiri ndi Lachisanu. Masiku ena atatu akhale opepuka. Mukadzuka mtima ukugunda mopitirira masiku onse ndi 8 kapena 10, tsiku limenelo ingoyendani. Tala ndi wolimba, komanso m'mbali mwa M1 mdima usanathe magalimoto sakuonani bwino. Bwalo la mpira la pasukulu ndi labwino, kulizungulira katatu ndi pafupifupi kilomita, koma liyendereni kaye masana muone maenje. Nsapato za pakaunjika zili bwino, bola mupinde chidendene muone ngati mphira sunaphwe mbali imodzi, ndipo kutsogolo kutsale mpata wa chala chachikulu.