K98k ya 1943 yooneka ngati yatsopano, ndigule?

Chikoti77: Akuluakulu, pali munthu akugulitsa Mauser K98k, mfuti ya asilikali a Germany, akuti ya 1943. Manambala onse odindidwa pa zipangizo zake ndi ogwirizana, chitsulo chikuwala, thabwa lake lilibe chipsera. Ndalama akutchulayo ingagule ma Mosin anayi, mfuti za ku Russia zija. Kodi n'zoona kuti mfuti zosungika chonchi sizitsika mtengo?

NdapsaKale: Thawani achimwene. Yanga ndinagulanso ya "manambala ogwirizana". Wodziwa ataiyang'ana ndi galasi anapeza kuti nambala ya pa bolt (chitsulo chokankhira chipolopolo mumpope) inapalidwa n'kudindidwanso, kachidindo ka chiwombankhanga ka asilikali a Germany nakonso n'kabodza. Wogulitsayo mpaka lero sayankha foni. Mfuti yapita kunkhondo 1943 n'kubwerako yopanda chipsera, inali pa tchuthi?

MdalaEnfield: Vuto anyamata inu mumagula ndi maso. Ine ndili ndi ma Enfield, mfuti za asilikali a Britain: SMLE Mk III ya 1917 ndi ma No. 4 awiri, palibe anandipusitsapo. Zipolopolo 10 m'magazini, pomwe Mauser wanuyo ndi 5 basi. Anthu amandichonderera kuti ndiwagulitse, ndimangoseka.

NdapsaKale: Madala, funso silinali la mfuti zanu.

Tchipa_Tchipa: Bwanji osangotenga K31 ya ku Switzerland? Sinalowe m'nkhondo, ndipo zipolopolo zake za GP11 sizinkasiya mchere wochititsa dzimbiri, n'chifukwa chake zambiri mkati mwa mpope muli mbee. Ukamasula kachitsulo ka kumapeto kwa thabwa, nthawi zina umapezamo kapepala ka dzina la msilikali amene ankaigwira. Mtengo ndi theka la Mauser ameneyo.

Zgambo_M: Theka lake liti? Mwagona liti inu? K31 inakwera kalekale.

Tchipa_Tchipa: Ndaiona ndi maso angawa.

MdalaEnfield: Thabwa la K31 limakhala lokumbikakumbika kumunsiko. Sindingaiike pafupi ndi zanga.

Zgambo_M: A Chikoti, yang'anani ngati pali chizindikiro cha X pa chitsulo. Ma K98k ambiri analandidwa ndi asilikali a Soviet Union, anawaphwasula, kusakaniza zipangizo, kuwapaka utoto n'kuwasunga m'girisi. Amenewo manambala sagwirizana, koma ndi oona mtima, ukudziwa chomwe wagula. Yowala kwambiri ndi imene imandiopsa ine. Munthu akaipala ndi sandipepa n'kuipaka vanishi, kwa osunga zakale yatha ntchito, olo ikongole bwanji. Mkati mwa mpope muunikenso ndi tochi. Zipolopolo zakale zinkasiya mchere, ndipo mwini wake ngati sankatsuka ndi madzi, mumapeza timaenje tokhatokha.

Chikoti77: X palibe. Koma wakana kuti ndiimasule.

NdapsaKale: Hahaha! Ndi yemwe uja ameneyo.

Kabayo: Ine mfuti ndinasiya, ndimasunga mabayoneti, mipeni ija yolumikiza kutsogolo kwa mfuti. Malo ochepa, ndalama zochepa, mayi akunyumba sadandaula.

Tchipa_Tchipa: Kapena Mosin 91/30. Anapanga mamiliyoni ku Tula ndi ku Izhevsk ku Russia, amagulitsa ngati nkhuni.

Zgambo_M: Zinali kale zimenezo bwana. Pano olo Mosin yodzaza girisi wa cosmoline akuitchula ngati ya mfumu.

MayiWaMalamulo: Nonsenu palibe wafunsa ngati a Chikoti ali ndi chiphaso. Kukhala yakale sikutanthauza kuti lamulo laiiwala, dziko lililonse lili ndi malire ake pa nkhaniyi.

Chikoti77: Chiphaso chilipo mayi. Nde ndigule kapena ayi?

MdalaEnfield: Gulani Enfield.

Kabayo: Bayoneti yake akugulitsa payokha? Mundifunsireko.