Mabokosi m'malo mwa zilembo pa gemu yathu ya Khirisimasi

Chikondi Mbewe, Rosettenville

Moni akuluakulu nonse a m'gulu lino. Ine ndi mlongo wanga takhala tikupanga gemu yaing'ono ya RPG (imene wosewera amakhala munthu wa m'nkhani) kuyambira mwezi wa June pogwiritsa ntchito pulogalamu yopangira magemu ya Godot 4, ndipo cholinga chathu n'chakuti makolo azisewera pamodzi ndi ana awo pa tchuthi cha Khirisimasi. Nkhani yake ndi ya mtsikana amene akukwera basi pa Park Station ndi agogo ake, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Mwanza, ndipo akafika kumudzi ayenera kusakasaka mpunga, nkhuku ndi botolo la Sobo tsikulo lisanafike. Ndewu mulibe. Wosewera amapikisana ndi anthu a m'mudzi pa bawo ndi pa zilape, ndipo zithunzi zonse tinajambula tokha, chifukwa zogulitsa pa intaneti zadzaza chipale, pamene Khirisimasi yakwathu ndi ya matope, mango ndi ngumbi.

Vuto langa ndi ili. Pa laputopu yanga mawu akuoneka bwinobwino, koma dzulo nditaiika pa itch.io, tsamba la pa intaneti loikapo magemu, kuti aphunzitsi opuma amene amatikonzera Chichewa aiyese pa browser, ananditumizira chithunzi chimene chandisowetsa tulo. Mawu oti ng'ombe akuoneka "ng", kenako kabokosi kolembedwa 2019, kenako "ombe". Mawu oti Malaŵi ali ndi kabokosi kolembedwa 0175. Mlongo wanga akuti mwina 2019 ndi chaka cha fayilo ina yakale imene tinaisakaniza mosadziwa. Kuonjezera apo, m'mizere ingapo chilembo cha ŵ chasanduka chizindikiro cha funso, ndipo zimenezi zokha zikuoneka ngakhale pa laputopu. Ndithandizeni, nthawi yandithera.

Yamikani Kachingwe, Randburg

Achimwene a Mbewe, auzeni achemwali kuti mtima ukhale m'malo, 2019 ameneyo si chaka. Godot ikasowa chilembo mu font (mtundu wa zilembo) imene mwasankha imajambula kabokosi n'kulembamo nambala ya Unicode ya chilembocho, choncho mabokosiwo akukuuzani okha chimene chikusowa. U+0175 ndi ŵ, ndipo U+2019 ndi apostrophe yopindika imene Microsoft Word imaika yokha munthu akamalemba, m'malo mwa yowongoka ya pa keyboard, imene nambala yake ndi U+0027. Ndikukhulupirira kuti aphunzitsi anu amalembera mu Word.

Chimene chakunamizani ndi laputopu yanuyo. Mu Godot 4, font ya TTF ikasowa chilembo, pulogalamuyo imakabwereka ku ma font a kompyuta imene ikuyendapo, ndipo imachita zimenezi mwakachetechete pa Windows, Linux, macOS ndi Android. Pa browser kulibe kobwereka. Yang'anitsitsani mawu oti Malaŵi pa laputopu, mudzapeza kuti ŵ ameneyo ndi wosalala pakati pa zilembo zinzake za timabokosi, ngati mlendo wovala suti pa dambwe. Tsegulani Import ya font yanu, muzimitse Allow System Fallback, ndipo kuyambira pamenepo laputopu izikuonetsani zenizeni zimene wosewera adzaona.

Mayi Nangondo, Kempton Park

Ndikugwirizana ndi a Kachingwe, koma chizindikiro cha funsocho ndi matenda ena, ndipo ndi oipirapo, chifukwa pamenepo chilembo chinafera m'fayilo momwemo gemu isanachiwerenge n'komwe. Ngati mawu anu ali mu CSV (fayilo ya mawu oikidwa m'mizere ndi m'madanga) ndipo wina anaitsegula mu Excel n'kuisunga ngati CSV wamba, Excel ya pa Windows imasunga zilembo mu ndondomeko yakale ya Windows-1252, mmene ŵ mulibe, ndiye imangoikapo funso. Godot imafuna ndondomeko ya UTF-8, mmene ŵ alimo. Ine zinandichitikira pa ntchito ina ya sukulu, ndipo ndinatha Loweruka lathunthu ndikubwezeretsa zilembo chimodzichimodzi, chifukwa palibe batani lozibwezera pamene mafunso enieni a m'nkhani asakanikirana ndi mafunso abodzawo. Samutsirani fayiloyo ku LibreOffice kapena Google Sheets, ndipo ngati muli ndi kope lakale mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya mafayilo, tengani mizere yoonongekayo kumeneko.

Bambo Gondwe, Hillbrow

Ine ndifunse funso lachikale: kodi ŵ ameneyo mukumufuniranji? Manyuzipepala ambiri akumudzi salemba chilembochi, ndipo ana obadwira kuno amene mukuwapangira gemuyi akuvutika kale kuwerenga Chichewa wamba. Musintheni akhale w paliponse, ma apostrophe onse muwawongole, ndipo ntchito yatha m'mphindi zisanu. Khirisimasi sidikira munthu.

Chikondi Mbewe, Rosettenville

Bambo Gondwe, maganizo amenewo ndinawapereka kale kwa aphunzitsi aja, ndipo yankho lawo silinali lofatsa. Iwo akuti agogo a m'gemuyi ndi mayi wachikulire wa kumudzi amene amatchula ŵ momveka, ndipo zilape zake ndi mawu ake ziyenera kulembedwa monga amalankhulira. Tinagwirizana kuti mtsikana wa ku Joni azilankhula ndi w wamba, agogo okha ndiwo akhale ndi ŵ. Poyamba ndinkaona ngati n'kuvutitsa chabe, koma nditawerenga zokambirana za awiriwo motsatizana ndinamva kusiyana kwa mibadwo popanda wina kundifotokozera, ndiye sindikufunanso kuchichotsa.

Yamikani Kachingwe, Randburg

Ngati ndi choncho musungeni, si ntchito yaikulu. Chilembo cha ŵ chili m'gulu la Latin Extended-A, pamene ma font ambiri a pixel amathera pa Latin-1, mwa zilembo za Chifalansa ndi Chisipanishi. Chinsinsi chimene ndinaphunzira n'chakuti anthu a ku Wales amalembanso ŵ m'chinenero chawo, choncho mukamasaka font muziyang'ana yolembedwa kuti imakwanitsa Welsh. Koma popeza zithunzi zanu munaziyeza kale ndi font imene muli nayo, ine ndingakonde kuti muijambulire chilembocho. Yambani mwawerenga layisensi. Ngati ndi SIL Open Font License, mukuloledwa kuisintha, kungoti ngati mwini wake anasunga dzina la font ngati Reserved Font Name, yanu yosinthidwayo muipatse dzina lina. Itseguleni mu FontForge, pulogalamu yosinthira ma font, mutenge kachipewa ka pa â n'kukaika pamwamba pa w pa malo a U+0175, ndipo musaiwale Ŵ wamkulu pa U+0174. Onetsetsani kuti kachipewako sikakugunda mzere wa pamwamba, chifukwa pa font ya ma pixel asanu ndi atatu malo ndi ochepa kwambiri.

Za apostrophe, chitani zonse ziwiri: jambulani U+2019 mu font, komanso muwongole onse a mu CSV, chifukwa aphunzitsi akadzatumiza zokonza zina opindikawo adzabweranso.

Chikondi Mbewe, Rosettenville

Zikomo kwambiri nonse. Font inali ya OFL, ndajambula zilembo zitatu zija usiku wathawu, ndipo mizere ya mafunso ndaipeza mu Git monga ananenera Mayi Nangondo. Pa browser ng'ombe yabwerera m'khola. Koma nditazimitsa kubwereka kuja ndi kuwerenga gemu yonse modekha, ndaona china. Bokosi la zokambirana tinaliyeza ndi Chingelezi, ndipo agogo akanena kuti "sindidzakuperekezaninso", mawuwo amayamba kulembeka kumapeto kwa mzere, kenako akafika pakati amadumphira pa mzere wapansi. Mwana wa mlongo wanga, wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene amawerenga ndi chala pa sikirini, anasochera pomwepo n'kuyambiranso.

Mayi Nangondo, Kempton Park

Kudumphako kumachitika chifukwa Label, gawo la Godot limene limalemba mawu pa sikirini, imayeza mzere ndi zilembo zokhazo zimene zaoneka kale. Pa Visible Characters Behavior sankhani Characters After Shaping, kuti iyambe yayala chiganizo chonse kenako n'kumaulula zilembo pamalo pamene zidzakhale. Autowrap, imene imatsitsira mawu pa mzere wapansi, ikhale pa Word (Smart), ngakhale kuti imeneyi ikapeza mawu otalika kuposa bokosi imawadula paliponse, osasamala maphatikizo athu, ndipo kudula "nkh" pakati n'kumuphunzitsa mwana zolakwika. Ndi bwino kukulitsa bokosi, ndipo pamene zakanika mupemphe aphunzitsi afupikitse chiganizo okha, inu musachigwire.

Ndikukumbutseninso za nthawi. Ngati mukufuna kuiika pa Google Play ndipo akaunti yanu ndi ya munthu payekha yotsegulidwa pambuyo pa 13 November 2023, pafunika anthu 12 oiyesa kwa masiku 14 otsatizana musanapemphe kuitulutsa poyera, ndipo pambuyo pake pali kudikiranso kuti aiunike. Werengani masiku chobwerera m'mbuyo kuchokera sabata imene sukulu zikutsekera, osati kuchokera pa 25 December.

Bambo Gondwe, Hillbrow

Chabwino, ŵ wapambana, sindilimbana ndi aphunzitsi. Ndilembeni pa anthu 12 amenewo, ndipo foni ya mayi a kunyumba ikhale yachiwiri, chifukwa ndi yakale ndi ya sikirini yaing'ono, yoyenera kuyeserapo bokosi lanulo. Koma ndaisewera pa itch.io madzulo ano ndipo ndili ndi dandaulo limodzi: agogo akanena "Chilape!" batani loyankhira lalembedwa "Pitirizani". Mwana ayenera kuyankha "Nachize!", apo ayi agogo sangaponye chilape cha nyumba yopanda khomo.

Chikondi Mbewe, Rosettenville

Mwanena zoona, Bambo Gondwe, batani limenelo linatsalira pa nthawi imene tinkayesa ndi Chingelezi. Ndalisintha tsopano, ndipo ndaika kope latsopano pa itch.io. Amene muli ndi mafoni a Android ndipo mungathe kuisunga masabata awiri osaichotsa, nditumizireni ma imelo anu kumbali, pakadali pano tili ndi anthu asanu ndi awiri.