Liwu loti "switch" likundizunguza mutu kuno ku England, ndithandizeniko

Membala wobisa dzina walemba:

Moni nonse a pagulu. A admin, chonde dzina langa lisaoneke, muno muli anzanga a kuntchito. Ndine mayi, ndimasamalira okalamba pa nyumba ina kufupi ndi Leicester. Chingerezi ndinakhoza pa MSCE, mayeso a Chingerezi a IELTS ndinadutsanso, koma pali liwu limodzi lomwe likundionetsa zakuda: switch.

Kwathu ndinkadziwa kuti swichi ndi kaja ka pakhoma koyatsira magetsi, basi. Kuno mnzanga akuti "can you switch with me on Saturday". Banki ina ikulengeza kuti ndikapanga switch akaunti yanga indipatsa ndalama. Makampani a magetsi ndi gasi nawonso nyimbo ndi yomweyo. Kamdzukulu ka agogo ena amene ndimawasamalira kanalira kuti kaiwala Switch yake m'galimoto. Ndiye dzulo abwana akuuza mnzawo, ine ndili pomwepo, kuti "she's very switched on". Tulo sindinatione. Amandiyamikira, kapena amatanthauza kuti ndimayaka msanga, ndine wapsamtima?

Kodi mawu otere mumawaphunzira bwanji, poti dikishonale imangondandalika matanthauzo mpaka tsamba kudzaza? Nanga za bankizi n'zoona, kapena ndi utambwali?

Mayankho

Mphunzitsi wa Chingerezi, Zomba:
Achemwali, gonani tulo tofa nato. Abwana anu akutanthauza kuti ndinu wochangamuka, mumagwira zinthu msanga. Koma munthu akanena kuti "I switched off" pa msonkhano, ndiye kuti thupi lokha ndi lomwe linali pampando, maganizo anali kwina.
Ana anga ndimawauza kuti asaloweze liwuli lili lokha, azitchera khutu ku kaliwu kobwera pambuyo pake. Likatsatana ndi on kapena off, ndi kuyatsa ndi kuzimitsa. Likatsatana ndi to, munthu wasiya ichi wayamba icho. Likatsatana ndi with, anthu awiri akusinthana. Over mudzamumva kwambiri pa TV, posintha tchanelo. Pansi pa zonsezi pali ganizo limodzi: chinthu chinali mbali iyi, chalumphira mbali inayo nthawi imodzi. Nkhope ya munthu ikamasintha pang'onopang'ono ndi ukalamba, pamenepo amati change, switch salowapo.
Komanso musadzione ngati mbuli. Ife timati kumva mawu, kumva fungo, kumva kuwawa, kumva Chingerezi, mwana wosamva. Palibe anatiphunzitsa ndi dikishonale, tinazitola pomvera akuluakulu.

Namwino, Nottingham:
Aphunzitsi anena zoona, koma ndiwonjezereko. Pa nkhani ya mashifiti, Angerezi ambiri amati swap. Mukamva swap kapena switch pamenepo n'chimodzimodzi. Chachikulu: musamangovomerezana pakamwa. Zilembedwe pa rota, pepala la mashifiti lija, ndipo abwana adziwe, apo ayi mnzanuyo akapanda kubwera Loweruka, dzina lomwe likuoneka papepala ndi lanu.

Wa zamagetsi, Ndirande:
Ine za Chingerezi chakuya sindilowapo, koma poti mwatchula swichi, mundilole ndilankhule kwa amene muli kunja n'kumatumiza majenereta kwa makolo. Gulani ndi changeover switch yomwe. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti nyumba ikulandira moto kuchokera mbali imodzi yokha, wa ESCOM kapena wa jenereta, osati zonse pamodzi. Anthu ena amangolowetsa waya wa jenereta mu soketi ya pakhoma. Moto uja umabwerera m'mawaya a panja, ndipo munthu amene wakwera pholo poganiza kuti magetsi azima atha kufa. Magetsi akabweranso mwadzidzidzi jenereta imapsa, nthawi zina ndi nyumba yomwe. Pepani ndapatuka.

Mnyamata wa makompyuta, Lilongwe:
Simunapatuke bambo, tikungowonjezera mtolo wa achemwaliwa, kkkk. Kwathu ku ofesi switch ndi kabokosi kokhala ndi mabowo 8, 24 kapena 48 kolumikiza makompyuta, kamaona kuti uthenga uwu ukupita ku kompyuta iti n'kuulozera komweko. Ndipo mukatapa ndalama pa ATM ya banki yomwe si yanu kuno ku Malawi, zimadutsa pa National Switch, ija timati Natswitch, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2015. Palibe batani lomwe munthu amadina pamenepo, ndi makina olozera njira.

Mayi wa ana atatu, Johannesburg:
Kamwana kaja kamalilira gemu ya Nintendo Switch, inatuluka mu 2017. Mutha kuisewera pa TV, kenako n'kuizula n'kumaisewera m'manja, dzinalo linachokera pamenepo. Ana anu asaione, mtengo wake mudzalira ndinu.

Bambo wokhalitsa ku Manchester:
Mayi, ndiyankhe za banki chifukwa pamenepo pali ndalama. Si utambwali. Kuno kuli ndondomeko yotchedwa Current Account Switch Service, inayamba mu 2013, ndipo ndi yaulere. Mukatsegula akaunti ku banki yatsopano n'kupempha kusamuka, iwo ndi amene amathamanga: amasamutsa ndalama zanu, ma direct debit ndi ma standing order onse (ndalama zija zimachoka zokha mu akaunti polipira mabilu kapena renti) m'masiku 7 ogwira ntchito, kenako akaunti yakale imatsekedwa. Mvetsani bwino pamenepo, imatsekedwa. Anthu ena amaganiza kuti akhala ndi maakaunti awiri. Ndalama zolowa ku akaunti yakale, monga malipiro, zimalozeredwa ku yatsopano, komabe auzeni a kuntchito manambala atsopano.
Ndalama za mphatso zija zimakhala ndi malamulo ake: mabanki ena amafuna mulowetse ndalama zakutizakuti m'masiku angapo, ena amafuna ma direct debit awiri kapena kuposa. Werengani timalemba tating'ono tija. Ngati muli ndi overdraft, ngongole ija yotapa kuposa zomwe zili mu akaunti, ku banki yakale, kambiranani kaye ndi yatsopano. Ndipo wina akakuimbirani foni kuti ndi wa ku banki, n'kukuuzani kuti musamutse nokha ndalama zipite ku akaunti ina "yotetezeka", dulani foniyo. Ameneyo ndi wakuba.

Agogo opuma ntchito ya njanji, Limbe:
Ana inu mwaiwala limodzi. Pamene njanji imagawikana, pali zitsulo zosunthasuntha zolozera sitima njira. Ife tinkati points potsatira Angerezi, koma a ku America amati switch. Ndipo m'mabuku akale a Chingerezi mukapeza kuti mwana anamenyedwa ndi switch, musaganize za magetsi. Ndi kamtengo kowonda kokwapulira, konga ka pichesi kaja aphunzitsi ankatituma kukathyola tokha.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse, mtima wakhala pansi. Agogo, kamtengo kameneko ndikukakumbuka bwino! Bambo a ku Manchester, ndifunseko kamodzi: ndimatumiza ndalama kwa amayi mwezi uliwonse kudzera pa app ya pafoni. Ndikasamuka banki, zimenezonso zisamuka zokha?

Bambo wokhalitsa ku Manchester:
Ayi mayi, mwafunsa bwino. Chilichonse chomwe mumalipira ndi nambala yaitali ija ya pa khadi sichisamuka, chifukwa khadi lakale limafa pamodzi ndi akaunti. App yotumizira ndalama, Netflix, Amazon, zonsezo muyenera kulowetsamo nokha khadi latsopano. Tsiku losamukira mumasankha ndinu, choncho sankhani pakati pa mwezi, renti italipidwa kale ndipo amayi atalandira zawo.