Kodi kusintha denga kunja kwa tawuni kumafunanso chilolezo cha khonsolo?

Wapapuloti analemba:

Abale anga, ndikupempha nzeru. Ndimagwira ntchito ku Johannesburg, koma ndimakhala pa puloti ina ku Walkerville, kumene kuli minda ndi makola okhaokha. Abwana andipatsa ntchito yoyang'anira kukonzedwa kwa kanyumba komwe ndimagonamo, chifukwa denga lake, lomwe ndi la malata akale a asibesitosi, linabooka ndi matalala chaka chatha, moti mvula ikamagwa ndimatchera beseni kumiyendo kwa bedi. Iwo akufuna kuikapo matailosi a simenti kuti kanyumbako kafanane ndi nyumba yaikulu. Mmisiri amene tapeza akunena kuti kuno ndi kumudzi, ndipo malamulo a zomangamanga amathera m'tawuni. Kodi zimenezi ndi zoona?

Mmisiri wa ku Dedza anayankha:

Achimwene, mmisiri wanuyo akuganiza ngati ali kwathu, kumene munthu ukapatsidwa malo ndi amfumu umangoumba njerwa, nkuzika mitengo, nkufolera. Kuno sizili choncho. Kuyambira chaka cha 2000, malo onse a South Africa ali pansi pa khonsolo ina yake, kaya ndi famu kaya ndi tchire, ndipo Walkerville ili m'manja mwa khonsolo ya Midvaal, osati ya Johannesburg. Lamulo la National Building Regulations and Building Standards Act la 1977 limafika kumeneko monga momwe limafikira ku Sandton, dera la mumzinda wa Johannesburg, ndipo za madenga zinalongosoledwa mu gawo L la SANS 10400, buku la miyezo ya kamangidwe ka nyumba m'dziko lino.

Kuchotsa lata lobooka nkuikapo lina lofanana nalo ndi kukonza chabe, ndipo kawirikawiri sikufuna pulani. Koma zimene abwana anu akufunazo ndi nkhani ina. Matailosi a simenti amalemera pafupifupi makilogalamu 45 pa sikweya mita imodzi, pamene malata achitsulo safika ndi 10 omwe, ndiye matabwa amene anakhomedwa motalikirana kuti anyamule malata sangasenze katundu wotere. Ndinaonapo denga lotero litafwafwalala pakati ngati msana wa bulu wokalamba, zitseko zamkati zikukana kutsekeka. Matailosi amafunanso denga lopendekeka kwambiri kuposa malata, kotero kuti mwina matabwa onse ayenera kutsitsidwa. Pamenepo pafunika pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, komanso injiniya woti asainire kuti dengalo ndi lolimba. Lamulo limapatsa khonsolo masiku 30 kuti iyankhe ngati nyumbayo ndi yochepera masikweya mita 500, ngakhale kuti nthawi zina mudzadikira kupitirira apo.

Mayi a ku Rosettenville anayankha:

Bambo, ine mantha anga ali pa asibesitosi amene mwangomutchula modutsayo. Dziko lino linamuletsa mu 2008, ndipo malamulo a 2020 amafuna kuti ntchito yochotsa denga lotero igwiridwe ndi kontirakitala wolembetsedwa ku unduna wa zantchito, ndipo zidutswa zake zikatayidwe kumalo ovomerezeka. Fumbi lake ndi limene limawononga mapapo, ndipo matenda ake amadzaonekera patapita zaka zambiri, munthu atabwerera kale kumudzi. Musalole kuti akutumeni kukwera pamwamba ndi hamala, kapena kudula malatawo ndi girayinda, ngakhale atakulonjezani ndalama yapadera. Musatengenso zidutswazo kukafolera khola la nkhuku, monga ambiri a ife timachitira poona kuti kutaya ndi kuwononga.

Mlamu wa onse anayankha:

Ndingowonjezera kuti udindo wotenga chilolezo ndi wa mwini malo, osati wanu, choncho musasaine pepala lililonse m'dzina lawo. Afotokozereni mwaulemu kuti woyendera nyumba wa khonsolo akhoza osafika kupulotiko kwa zaka zambiri, koma denga likadzagwa kapena moto ukadzabuka, a inshuwalansi akhoza kufunsa pulani yovomerezeka asanalipire. Afunseni abwanawo zaka za kanyumbako, pakuti nyumba yopitirira zaka 60 imatetezedwa ndi lamulo la 1999 la zinthu zakale, ndipo siisinthidwa popanda chilolezo chinanso. Mapuloti ena a kumeneko ali ndi nyumba zakale ndithu.

Wapapuloti anayankhanso:

Zikomo kwambiri nonse. Ndawawerengera abwana mayankho anu madzulo ano, ndipo atamva za injiniya ndi matabwa atsopano asiya za matailosi, akuti tiika malata achitsulo a mtundu wa IBR. Lolemba akaimbira foni ku Midvaal kuti amve ngati pakufunika pulani, ndipo mmisiri uja ndamuuza kuti asakwere padenga mpaka tipeze munthu wovomerezeka wochotsa asibesitosi.