N'chifukwa chiyani feteleza sakubereketsanso chimanga monga kale?

Mlimi wa ku Dowa:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumatsatira za kafukufuku wa ulimi. Kuno kwathu alimi ambiri akudandaula kuti ngakhale athire feteleza wokulitsa ndi wobereketsa pa nthawi yake, munda umene kale unkadzaza nkhokwe tsopano ukutulutsa chimanga chosafika nacho mwezi wa Disembala, ndipo kaufiti akungochulukirachulukira. Boma lakhala likupereka zipangizo zotsika mtengo kuyambira mu 2005, poyamba kudzera mu ndondomeko yotchedwa FISP, kenako mu ina yotchedwa AIP imene inayamba mu 2020. Kodi vuto lili mu feteleza, mu mbewu, kapena mu nthaka?

Mlangizi wopuma pa ntchito:
Bambo, vuto lalikulu lili mu nthaka. Munda ukamalimidwa chimanga chokhachokha chaka ndi chaka, mapesi n'kumatenthedwa m'malo mowolerana, nthaka imalephera kusunga chinyezi ndi chakudya cha mbewu, motero feteleza wambiri amangopita ndi madzi a mvula. Urea naye akamathiridwa zaka zambiri popanda manyowa amawonjezera asidi, ndipo kaufiti amene mukumuonayo amakonda nthaka yoguga. Kwa nthawi yaitali dziko lonse linkathira feteleza wokulitsa wotchedwa 23:21:0+4S, mpaka kafukufuku ataonetsa kuti madera ambiri akusowanso potaziyamu ndi zinki, n'kubwera feteleza wina wokhala ndi zimenezi wotchedwa 23:10:5+6S+1.0Zn. Komabe dothi la ku Dowa silingafanane ndi la ku Chikwawa, ndipo ndi alimi ochepa kwambiri amene angatumize dothi lawo ku malo a kafukufuku wa ulimi a Chitedze kuti likapimidwe.

Wophunzira wa ku Bunda:
Ndikuvomereza zimene anena a mlangizi, koma njira zobwezeretsa chonde zinapezeka kale. Ku malo a kafukufuku a Makoka, m'boma la Zomba, ofufuza anayamba kuyesa kulima chimanga pakati pa mitengo ya gliricidia m'zaka za m'ma 1990, ndipo kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza, chaka chotsatira n'kubzalapo chimanga, kwayesedwa m'minda ya alimi enieni. Chovuta n'chakuti phindu la mitengoyi limayamba kuoneka patapita zaka zingapo, pomwe banja lokhala ndi munda wosakwana hekitala imodzi likufuna chakudya chaka chomwecho.

Mayi wa ku Balaka:
Achimwene a ku Bunda, nandolo tinalima ndithu, ndipo nthaka inasinthadi, koma mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo amene linkagula kunja, mtengo unagwa moti ambiri anabwerera ku chimanga chokha. Chaka chomwecho ntchemberezandonda zinasakaza minda, ndalama zochepa zomwe tinali nazo n'kuthera ku mankhwala. Za ulimi wophimbira nthaka ndi mapesi nazo n'zosavuta kuzikamba pa munda wachitsanzo, koma kumudzi anthu akangokolola mbuzi ndi ng'ombe zimatayiriridwa n'kudya mapesi onse, ndipo otsalawo anyamata osaka mbewa amawatentha. Nandolo amene amakhwima mochedwa ndiye amathera mbuzi zomwezo. Ofufuza akamabwera amayeza zokolola za mizere yawo n'kubwerera, osakhala pansi ndi mafumu kuti akhazikitse malamulo a ziweto ndi moto. Ndikufunsa a mlangizi ngati alipo madera amene mafumu anakwanitsa kuletsa kutayirira ziweto m'chilimwe, chifukwa kwathu nkhaniyi yakanika kangapo pabwalo.