Ndapeza zimene ndinkafuna za akamvuluvulu a 1974 ku America

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa komwe ndingapeze mbiri yodalirika ya akamvuluvulu a pa 3 ndi 4 Epulo 1974, yoti ndiphunzitsire ana a fomu 3. Ndinatsata malangizo ofufuza pa tsamba la National Weather Service (bungwe la boma la America loona zanyengo), osati mavidiyo a pa YouTube. Zinathekadi. Akamvuluvulu analipo 148 m'zigawo 13, ndipo anthu oposa 300 anafa. Ana anangoti kakasi ataona zithunzi za tauni ya Xenia ku Ohio, komwe nyumba zambiri zinatsala maziko okha.

Amene adzafune zomwezi adziwe kuti F5, mlingo wa akamvuluvulu amphamvu kwambiri pa sikelo yakale ya Fujita, si liwiro loyezedwa ndi makina: Ted Fujita, katswiri wa zanyengo amene anapanga sikeloyi, ankayerekeza mphamvu ya mphepo poona zowonongeka. Sikelo yatsopano ya EF (Enhanced Fujita) inayamba mu 2007, ndiye musasakanize ziwirizi.