Chofunda cha zigamba chotengera maluwa a pakhomo: ndiyambire pati?

Nachisale, Zomba

Moni nonse amene mumakonda ntchito ya singano. Ndine mayi wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo masiku ano nthawi yanga imathera pa kusoka, kusamala maluwa a pakhomo ndi kuwerenga mabuku. Ndili ndi thumba lodzaza ndi tizidutswa ta nsalu, tina totsala pa zitenje zimene ndinasoketsa, tina tondipatsa atelala a pamsika, ndipo tina ndinatidula ku malaya a kaunjika amene anatha m'khosi koma kumsana akadali olimba. Ndikufuna kusoka chofunda chaching'ono cha masentimita 120 m'lifupi ndi 150 m'litali, choti ndizifunda m'miyendo ndikakhala pakhonde ndi buku m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kuno kumayamba kuzizira dzuwa lisanalowe n'komwe.

Khumbo langa n'lakuti chofundacho chioneke monga kamunda kanga kamaonekera mu Malichi, pamene zinnia, cosmos ndi marigold zamasula nthawi imodzi. Chikundivuta n'chakuti ndikayala tizidutswato pamphasa, palibe duwa limene likutuluka. Mitundu yonse ikungosokonekera ndipo maso akusowa pogwira. Choncho ndikupempha amene munasokapo zoterezi kuti mundiunikire kasokedwe koyenera, mundiuzenso ngati nsalu zakale ndi zatsopano zingalumikizidwe popanda vuto, komanso chimene ndingaike mkati kuti chofundacho chizitenthera koma chisalemere.

Bambo Mbewe, telala, Limbe

Amayi Nachisale, ine ndiyankha za nsalu zokha poti ndiko kumene ndimadyera, za maluwa ndisiyira ena. Musanaganize za kaonekedwe, khuthulani thumba lonselo ndipo mulekanitse nsalu za thonje ndi za polyester, chifukwa ziwirizi sizimvana. Ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba ndipo imapirira simbi yotentha, pamene ya polyester sifupika koma imapsa msanga, kotero mukazilumikiza zisanachapidwe, msoko umene unali wosalala umakwinyika tsiku limene mwauviika m'madzi. Zitenje zambiri zotsika mtengo zimene zadzaza m'misika si za thonje lokha ngakhale zimaoneka choncho. Kuti mudziwe, dulani kansalu kakang'ono, mukapane ndi sizasi pamwamba pa beseni la madzi, kenako mukayatse ndi machesi. Ka thonje kamamveka fungo la pepala lopsa ndipo kamasiya phulusa lofewa lotikitika m'zala, koma ka polyester kamasungunuka n'kusiya kam'bulu kakuda kolimba.

Mukatero chapani zonse musanadule, zofiira ndi zabuluu wakuda pazokha. Imene mukuikayikira muinyowetse, muiike pakati pa nsalu yoyera n'kusita. Yoyerayo ikatenga mtundu, tsukuluzani mpaka madzi ayere, ndipo ife atelala timawonjezera kuviika m'madzi a mchere usiku umodzi. Zakale ndi zatsopano zimasokeka pamodzi, bola zikhale zokhuthala mofanana. Malaya akalewo muwakweze padzuwa, ndipo pamene kuwala kukudutsa kwambiri mudziwe kuti patha, musadulepo. Jinzi musaiphatikize ndi nsalu yopyapyala ya malaya, chifukwa yolemerayo imang'amba inzake pamsoko.

Ndikanakhala ine ndikanagwiritsa ntchito makina. Ndikanadula nsalu yoyala pabedi yakale m'zidutswa za ngodya zinayi za masentimita 20 mbali zonse, n'kumasokerapo timizere ta zigamba kamodzikamodzi, kusiya mamilimita 6 pamsoko uliwonse ndi kusita ndisanaikepo kena. Ngakhale pa makina opalasa ndi mapazi ntchito yotere sichedwa, ndipo nsalu yapansiyo imagwira zigamba zonse kuti zisatamuke.

Nangondo, Leeds

Aphunzitsi, zimene anena bambo Mbewe pa kusankha nsalu muzitsatire ndithu, koma timizere ta pamakina sitikupatsani maluwa amene mukufuna. Kasokedwe kogwirizana ndi funso lanu kalipo kale, ndipo osoka a ku America amakatcha Grandmother's Flower Garden. Kanafala kwambiri kumeneko m'zaka za m'ma 1930, pamene chuma chinavuta ndipo amayi sankataya nsalu iliyonse. Kamagwiritsa ntchito tizigamba ta mbali 6 zofanana, tolumikizana ngati chisa cha njuchi. Kachigamba kamodzi kamakhala pakati, kenako 6 timakazungulira, ndipo mzere wachiwiri umafuna 12, kotero duwa limodzi lalikulu limatenga tizigamba 19.

Kasokedwe kake n'kapamanja. Poti ndinu mphunzitsi, kampasi ya m'bokosi la masamu muyenera kuti muli nayo: jambulani bwalo pa katoni yolimba, ndipo osasintha kutambasuka kwa kampasiyo, dindani mozungulira bwalolo, madontho atuluka 6 ndendende, ndipo mukawalumikiza ndi rula mwapeza chodulira chanu. Potengera chimenecho dulani mapepala ambiri ofanana, nsalu muidule mokulirapo ndi sentimita imodzi kuzungulira, muipindire papepalalo ndi kuigwiriza ndi ulusi wongoyembekezera. Kenako gwirani tizigamba tiwiri moyang'anizana n'kusoka m'mphepete mwenimweni, singano izingotola ulusi wochepa wa nsalu popanda kuboola pepala. Ubwino wake ndi wakuti pepalalo limaumiriza nsalu iliyonse, yofewa kapena youma, kutenga muyeso umodzi. Mumzinda wa York, bungwe la osoka zofunda za zigamba lotchedwa Quilters' Guild likusunga chofunda cha silika cholembedwa chaka cha 1718 chimene chinasokedwa mwa njira ya mapepala yomweyi, ndipo mapepala ake akadali mkati mpaka lero.

Muyeso muusankhe mwanzeru. Pa chofunda cha masentimita 120 ndi 150, tizigamba ta mbali za masentimita 2.5 tingafunike pafupifupi 1,100, pamene ta masentimita 4 tingakwane pafupifupi 430. Kwa zitenje ndingasankhe tokulirapoto, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa zojambula za pachitenje n'zikuluzikulu ndipo pa kachigamba kakang'ono zimangosanduka mabanga.

Tsono pa zimene mwanena kuti duwa silikutuluka pamphasa, vuto si kuchuluka kwa mitundu ayi. Chitenje chofiira, chobiriwira ndi chabuluu zingasiyane mtundu koma n'kukhala zofanana pa kuwala ndi kudera kwake, ndipo diso limatsata kusiyana kwa chowala ndi chakuda lisanazindikire mtundu. Yalaninso tizidutswa tanu, mutijambule ndi foni, chithunzicho muchisinthe kuti chikhale chakuda ndi choyera, ndipo muona nokha kuti tambiri tikutuluka totuwa mofanana. Tigaweni m'milu itatu, towala, tapakatikati ndi toderapo, ndipo pa duwa lililonse mzere wamkati ndi wakunja usachokere mu mulu umodzi. Pakati pa maluwawo pafunika kanjira ka nsalu ya mtundu umodzi yopanda zojambula, ngakhale mutachita kuigula, chifukwa m'munda momwemo zinnia amaoneka bwino kaamba ka masamba ndi dothi zimene sizilimbana naye. Chinanso chothandiza ndi kuboola kazenera ka muyeso womwewo pa katoni n'kumakayendetsa pachitenje kufunafuna malo okongola musanadule.

Pa nkhani ya mchere ndisiyana pang'ono ndi bambo Mbewe, andikhululukire. Mchere umathandiza pamene nsalu ya thonje ikunyikidwa mu utoto, koma sumangirira utoto umene unatsala pamwamba pa nsalu yogula kale. Chimene chimathandiza m'madzi amenewo ndi kuviika ndi kutsukuluza kumene.

Nabanda, Dedza

Amayi, ine sindikuvomereza zogula nsalu ya kanjira. Yunifolomu yasukulu yosuluka, thalauza la khaki kapena nsalu yoyala pabedi imene inatuwa zimagwira ntchito imeneyi bwino kuposa nsalu yatsopano, imene nthawi zambiri imawala kwambiri mpaka kuchititsa zigamba zakale kuoneka zakuda. Ngakhale kanjirako katasiyana pang'ono uku ndi uku, palibe cholakwa. Amayi achikuda a ku Gee's Bend, m'chigawo cha Alabama ku America, ankasoka zofunda zawo ndi zovala zogwirira ntchito kumunda, mizere yokhota ndi mabanga a m'mawondo zili pompo, ndipo mu 2002 zofundazo zinaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu za zaluso ku Houston ndi ku New York. Mu 2006 zina zinaikidwa pa masitampa a dzikolo.

Chimene ndikulimbikitsa n'chakuti mitundu muitenge pa maluwa enieniwo, osati m'mutu. Thyolani duwa limodzi la mtundu uliwonse m'mawa, muliike pambali pa nsalu pakhonde pomwe pali kuwala kwa dzuwa, ndipo muliyang'anitsitse. Zinnia ali ndi pakati poderapo pozunguliridwa ndi timaluwa tating'onoting'ono tachikasu, kenako masamba ofiira kapena apinki. Marigold wamfupi uja amakhala wofiira moderapo ndi mkombero wachikasu m'mphepete. Cosmos ndi wopepuka, wapinki kapena woyera, pakati pachikasu. Pamenepa mwapeza kale maluwa atatu osiyana, ndipo lililonse lili ndi chowala ndi choderapo monga anenera a Nangondo. Cosmos amakhala ndi masamba 8 pomwe kachigamba kapakati kamalandira 6 tokha, koma amene wafunda sawerenga zimenezo. Maluwa atatuwa kwawo ndi ku Mexico, n'chifukwa chake amakonda dzuwa ndipo savuta kuno. Poti pofika Meyi amakhala atafota, muwajambule akadali bwino, ndipo mitu youma musaitaye, muisunge mu envelopu kuti mudzafese ndi mvula yoyamba.

Nachisale, Zomba

Zikomo kwambiri nonse. Ndajambula zigamba zija monga munanenera, a Nangondo, ndipo n'zoona kuti mulu wa towala ndi wochepa kwambiri, kotero ndipempha atelala anga kuti azindisungira zotsala za malaya oyera ndi achikasu. Ndasankha muyeso wa masentimita 4, ndipo kanjira ndidula ku madiresi obiriwira osuluka a yunifolomu amene ndili nawo. Za mapepala, mnzanga wina wandiuza kuti nding'ambe mabuku akale amene anathothoka zikuto, koma mtima wanga sukulola, chifukwa buku lotere ndimalisoka msana n'kulikutira ndi chitenje kuti ana a pafupi abwereke. Kodi nyuzipepala ingathandize m'malo mwake? Komanso funso la choika mkati likadalipo.

Nangondo, Leeds

Nyuzipepala ayi, aphunzitsi, ndi yofewa kwambiri ndipo inki yake imadetsa nsalu zowala, makamaka mukadutsitsa simbi. Makalendala akale, maenvelopu ndi zikuto za makope otha ndi zimene zimagwira bwino. Boolani kabowo pakati pa pepala lililonse kuti muzilikoka mosavuta ndi nsonga ya sizasi, ndipo mulichotse pokhapokha mbali zonse 6 zitalumikizidwa ndi tinzake. Pepala limodzi limatha kugwira ntchito kangapo lisanafooke.

Bambo Mbewe, telala, Limbe

Za mchere ndamva, a Nangondo, ngakhale sindilonjeza kuti ndisiya. Amayi, mkatimo ikani bulangete lakale lopyapyala, lochapidwa ndi kuuma bwino. Siponji musaikemo, chifukwa imaumbika ndipo imafumbutuka pakapita nthawi. Ngati mukufuna chopepuka kwambiri, amayi a ku Bengal amasoka zofunda zotchedwa kantha posanjikiza nsalu zakale zingapo popanda chinanso mkati, ndipo inu mungachite chimodzimodzi ndi zitenje ziwiri zofewa. Kunsi chitenje chimodzi cha mamita 2 chikwana m'litali, koma m'lifupi chimangopitirira pang'ono mita imodzi, ndiye mufunika kuwonjezera kansalu m'mbali, ndipo nsalu ya kunsiyo ndi bulangete zipitirire yapamwamba ndi zala zinayi kuzungulira, chifukwa zimakokeka posoka.

Yalani zitatuzo pansi posalala, muzigwirize ndi ulusi woyembekezera kuyambira pakati kupita kunja, kenako musoke misoko yaing'onoing'ono yoboola zonse, motsatira kanjira kobiriwirako ndi kuzungulira pakati pa duwa lililonse, osasiya malo oposa chikhatho opanda msoko. Mpendero ubwere pomaliza. Pochapa gwiritsani ntchito madzi ozizira, musapotokole, ndipo muyanike pamthunzi. Musanayambe chofunda chonse, sokani maluwa awiri okha n'kuwasandutsa kachikwama konyamulira mabuku anu, kenako mukachape kawiri katatu. Nsalu imene ichuche mtundu kapena kukwinyika muichotse m'milu ija musanadule zotsalazo.